Buku lachiwiri la wapolisi wofufuza: zakale zake zikumeza mlandu, tikonze pati?

Kandulo_Usiku
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa buku lachiwiri ili. Loyamba linali la mayi wapolisi wofufuza milandu yakupha, ndipo linangotchula mwa apo ndi apo kuti mlongo wake wamkulu anaphedwa iye ali ndi zaka 11, komanso kuti ndi iyeyo amene analoza bambo wina woyandikana nawo nyumba, yemwe anagamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Lachiwiri likuchitika patatha zaka 24. Lili ndi mawu pafupifupi 85,000 ndi mitu 48. Mlandu watsopano ndi wa mwini malo ogona alendo amene wapezeka atafa m'galimoto mwake. Pa mitu itatu iliyonse, umodzi ukubwerera ku ubwana wa mayiyu, ndipo milandu iwiriyi ikukumana pa mutu 40. Amene awerengako akuti pofika mutu 9 akumadumpha mitu ya ubwanayo kuti akaone za mtembo wa m'galimoto. Ena akuti mayiyu akungolira. Kodi mitu yakaleyo yachuluka, kapena yaikidwa pamalo polakwika?

MkonziWofiira
A Kandulo, vuto si kuchuluka kwake. Vuto n'lakuti mitu imeneyo ilibe funso. Munthu amatsegula tsamba lotsatira m'buku la upandu chifukwa pali chimene sakuchidziwa: wapha ndani, wapha bwanji, agwidwa kapena athawa. Mitu yanu ya ubwana ikunena chinthu chimodzi chokha, kuti mwanayo anavulala mumtima, ndipo zimenezo wowerenga anazimva kale m'buku loyamba.

Tengani mitu 16 yakaleyo, pa uliwonse mulembe mzere umodzi woyankha funso ili: wowerenga akamaliza mutu uwu, ayamba kukayikira ndani amene samamukayikira, kapena asiya kukhulupirira chiyani? Mutu wopanda yankho uchoke, zofunika zake zilowe m'ndime imodzi kapena ziwiri za nkhani ya lero. Ndikuona kuti itsala 5 kapena 6. Komanso mutu 40 mwa 48 ndi mochedwa zedi. Pofika mutu 12 wowerenga akhale atazindikira kuti milandu iwiriyi ndi umodzi, ngakhale mpangankhani wanu akhale akukanabe.

Kadzidzi
Ine ndikanachotsa yonse 16. Mutu wobwerera m'mbuyo umaimitsa wotchi, pomwe buku la mtundu uwu limayenda ndi wotchi. Zakale zibwere kudzera m'zinthu zimene wapolisi angazigwire lero: doketi yakale, zithunzi, sitetimenti ya mboni, nkhalamba imene ikukana kutsegula chitseko.

Gogo_Wowerenga
Ayi a Kadzidzi, pamenepo mwapitirira. Mlongo wakeyo akangokhala dzina la pa doketi, ife owerenga sitimulira. Tiyenera kumuona wamoyo kamodzi kapena kawiri, akulankhula, akulakwitsa, akuteteza mlongo wake wamng'onoyo. Tikapanda kumudziwa, mayiyu akamadzaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha iye tidzangoti n'chibwana.

Kadzidzi
Kawiri ndalola. Osati ka 16.

Wapakhoti
Musanafike pa za mitu, pali chibowo chachikulu m'tsatanetsatane wa nkhaniyi. Pa mutu 40 zikadziwika kuti mlandu wa m'galimoto ukukhudzana ndi imfa ya mlongo wake, mayiyu sangapitirize kuufufuza. M'mapolisi ambiri padziko lapansi, wofufuza amene ali ndi ubale ndi wophedwa, mboni kapena woganiziridwa amayenera kuuza womuyang'anira nthawi yomweyo, ndipo amachotsedwa pa mlanduwo. Chifukwa chake si ulemu chabe. Loya wa woimbidwa mlandu akangomva kuti wofufuza wamkulu anali ndi chifukwa chake chofunira kuti munthu wina apezeke wolakwa, adzatsutsa chilichonse chimene anachigwira: amene anatola umboni ndani, anafunsa mboni ali ndi ndani, analemba liti. Mlandu wolimba utha kugwa pa zimenezi.

Mabuku ambiri amangodumpha apa. Bwana amakalipa, amamulanda chiphaso, iye amapitiriza kufufuza usiku, pomaliza aliyense amamuombera m'manja. Owerenga anazitopa. Njira zoona ndi ziwiri: anene n'kuchotsedwa, kenaka aziona anzake akulakwitsa iye manja ali omangika, kapena abise, ndipo kubisako kukhale mlandu wachitatu m'bukumo, umene wowerenga akudikira tsiku lake louluka.

ZalaZaInki
Yachiwiriyo ndiyo ili ndi mnofu. Koma ndiye mwini malo ogona alendoyo achoke. Wophedwa akhale wapolisi wopuma pantchito amene anafunsa mwanayo mafunso zaka 24 zapitazo. Mukatero milandu iwiriyi yakumana pa tsamba loyamba, popanda mutu wobwerera m'mbuyo ngakhale umodzi. Mayiyu afika pamalo, aona nkhope, aizindikira, ndipo sanena kanthu. Pochita chipikisheni m'nyumba ya malemuyo apeza katoni ya makaseti akale, imodzi yolembedwa dzina lake laubwana ndi deti. Aiika m'thumba mwake. Akakaimvera, amva mawu ake ali mwana akunena kuti kunali mdima, nkhope sanaione.

Njuchi_22
Eee, limeneli ndiye ndingagule.

Kandulo_Usiku
A ZalaZaInki, zandigwira mtima, koma ndili ndi mantha awiri. Choyamba, kodi sakhala wabodza amene owerenga adane naye? Chachiwiri, munthu angaiwale bwanji kuti sanaone nkhope, n'kukhala zaka 24 akukhulupirira kuti anaiona?

Tsamba404
Funso lachiwirilo lili ndi yankho lolimba, ndipo likuyankhanso loyamba. Chikumbukiro cha munthu sichisunga zinthu momwe zinachitikira. Nthawi iliyonse tikamakumbukira timachimanganso, ndipo zimene tamva pambuyo pake zimalowerera. Mu 1974 ofufuza za chikumbukiro Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira filimu ya ngozi ya magalimoto. Ena anawafunsa liwiro la magalimotowo ndi mawu osonyeza kuti anaphwanyana, ena ndi mawu osonyeza kuti anangogundana. Patatha sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mwa 50 amene anamva mawu a kuphwanyana, 16 anati inde. Mwa 50 a kugundana, 7 okha. M'filimuyo munalibe galasi losweka. Amenewo anali akuluakulu, osapanikizika, osalira maliro. Nanga mwana wa zaka 11 amene wangotaya mlongo wake, ali pamaso pa bambo wa yunifolomu?

Chinanso chimene mungachigwiritse ntchito pa kasetiyo ndi mawu otsimikizira. Gary Wells ndi Amy Bradfield anaonetsa mu 1998 kuti mboni ikaloza munthu, wofunsa n'kungoti yachita bwino, yaloza woganiziridwa, mboniyo imayamba kunena kuti inali yotsimikiza kuyambira pachiyambi, kuti inaona bwino ndiponso kwa nthawi yaitali, ngakhale italoza munthu wolakwika. N'chifukwa chake masiku ano amalangiza kuti woonetsa zithunzi asadziwe kuti woganiziridwa ndi uti, komanso kuti mboni inene pomwepo, m'mawu ake, kuti ikutsimikiza motani, isanamve chilichonse.

Ndipo zinachitikadi. Ku North Carolina, m'dziko la America, Ronald Cotton anamangidwa pa mlandu wogwirira wa mu 1984 atalozedwa ndi mayi amene anachitiridwa nkhanzayo, yemwe anali wotsimikiza ndi mtima wonse. Atamuonetsa munthu weniweniyo m'khoti pambuyo pake, mayiyo anati sanamuonepo. DNA ndiyo inamutulutsa Cotton mu 1995. Bungwe la Innocence Project, lothandiza anthu omangidwa asanalakwe, lomwe linayamba mu 1992, limanena kuti pa milandu ya ku America imene anthu anamasulidwa ndi DNA, pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse inali ndi mboni yoloza molakwika. Choncho mpangankhani wanu sananame. Anapatsidwa nkhope, ndipo nkhopeyo inakhazikika.

MkonziWofiira
Apa ndi pomwe pagona nkhani, a Kandulo. Mwana wa zaka 11 alibe mlandu, ndipo wowerenga aliyense akudziwa zimenezo. Mukamanga buku lonse pa kudziimba mlandu kwa zimene anachita ali mwana, wowerenga amukhululukira pa mutu 2 n'kuyamba kudikira kuti nayenso adzikhululukire. Ndiko kulira kumene anthu akudandaula nako. Cholakwa chenicheni chikhale cha lero, cha mayi wa zaka 35 wodziwa malamulo, amene waika kaseti m'thumba pomwe munthu wosalakwa akugona kundende. Tsiku lililonse limene akusunga kasetiyo ndi tsiku limene wamuonjezera bamboyo, ndipo nthawi ino akudziwa. Zakale zisiye kukhala chinthu chomumvetsa chisoni, zikhale chinthu chomukakamiza kusankha.

Labu_ndi_Mafupa
Ndiikepo za kachitidwe ka ntchito, kuti kuba kasetiko kukhale kokhulupirika komanso kuti mudziwe momwe adzagwidwire.

Pamalo pa imfa, zinthu zimajambulidwa zisanasunthidwe. Pali munthu pakhomo wolemba aliyense wolowa ndi wotuluka, ndi nthawi yake. Pali wina wosunga kaundula wa umboni: chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala, kulembedwa pomwe chapezeka, nthawi, ndi amene wachipeza, kenaka chimamatidwa m'thumba ndi kusainidwa pa chomatira. Aliyense wochilandira pambuyo pake amasainanso. Pakasowa siginecha imodzi, loya ali ndi pogwira. Ndiye mayi wanu ali ndi mpata wochepa kwambiri: katoni yajambulidwa kale koma sinalembedwe, mnzake watuluka kukayankha foni. Ndipo msampha wake uli pomwepo. Pa chithunzi pali makaseti 7, m'kaundula muli 6. Palibe amene aone sabata yoyamba. Wapolisi wachinyamata wakhama, amene amamulemekeza mayiyu, ndiye adzaone pofananiza zithunzi ndi kaundula pokonzekera khoti. Kaundula wa pakhomo adzamuuza kuti m'chipindamo munali anthu awiri okha.

Za kaseti yeniyeniyo: ya C90 imatenga mphindi 45 mbali iliyonse, ya C60 mphindi 30. Ikakhala zaka zambiri pamalo potentha kapena pachinyezi, tepi imatha kumamatirana, kapena kathonje kakang'ono kamene kamaikanikiza pa mutu wa makina kamagwa, mawu n'kumamveka ofooka ndi ogwedera. Katswiri sangoiponya m'wailesi iliyonse. Amaiyang'ana kaye, amathyola timapulasitiki ta pamwamba toletsa kujambulapo mwangozi, amaisewera pa makina oyeretsedwa n'kukopera mawuwo pa kompyuta, ndipo onse amamvera kope limenelo. Mayi wanu akaimvera yekha kunyumba pa wailesi yakale, akhoza kuitafunitsa, ndipo ameneyo ndi umboni wokhawo wa munthu wosalakwa. Mantha a mphindi imeneyo ndi mutu wathunthu.

Chomaliza: makina akaimitsidwa n'kuyambitsidwanso amasiya chizindikiro pa tepi, chimene akatswiri a mawu amatha kuchiona. Mwana anene kuti sanaone nkhope, pamveke kudula, kenaka mwana yemweyo atchule dzina la woyandikana nawo. Zimene zinanenedwa makina ali chozimitsa ndiye funso la bukulo.

Njuchi_22
Nanga DNA? Malaya a mlongo wakeyo sangayezedwe n'kuthetsa zonse pa tsiku limodzi?

Labu_ndi_Mafupa
Zimadalira momwe anasungidwira. Chovala cha magazi chimayenera kuumitsidwa n'kuikidwa m'thumba la pepala. Chikatero DNA imatha kukhala zaka makumi. Chikaikidwa chonyowa m'pulasitiki, nkhungu ndi mabakiteriya zimaiwononga. Mlembi ali ndi ufulu wosankha, koma asankhe msanga ndipo atiuze. Ngakhale zitasungidwa bwino, malaya amene anagwiridwa ndi achibale, onyamula mtembo ndi apolisi opanda magolovesi amatulutsa DNA yosakanikirana ya anthu angapo, ndipo pamafunika zoyeza za anthu onsewo kuti achotsedwe mmodzimmodzi. Zotsatira zimatenga masabata, osati madzulo amodzi. Komanso kusapezeka kwa DNA ya bambo wa kundendeyo pa malaya sikutsimikiza kuti sanaphe. Kumangotanthauza kuti sinapezeke. Chimene chimagwedeza mlandu ndi kupezeka kwa ya munthu wina pamalo posafotokozeka, monga m'zikhadabo za wophedwa.

Ndionjezere kuti mlandu woyamba wakupha umene njira yoyeza DNA ya Alec Jeffreys wa ku yunivesite ya Leicester ku England inagwiritsidwa ntchito, mu 1986, unayamba ndi kumasula mnyamata wa zaka 17 amene anali atavomera kale mlandu. Wakupha weniweniyo, Colin Pitchfork, anagamulidwa mu 1988. Zimenezi zikukhudza buku lanu: ngati bambo wa kundendeyo anavomera atapanikizidwa, sizachilendo, ndipo zifotokoza chifukwa chake palibe amene anakayikira kwa zaka 24.

Gogo_Wowerenga
Ndifunse za pambali. Amene sanawerenge buku loyamba atani? Zimandiwawa ndikagula lachiwiri n'kupeza masamba khumi oyamba akungobwereza loyamba, mpaka kunditchulira amene anapha.

ZalaZaInki
Dzina la wakupha wa m'buku loyamba lisatchulidwe n'komwe. Amene wayamba ndi lachiwiri akalikonda adzafuna loyamba, musamuphere. Tchulani zotsatira zake zokha: chipsera pa mkono, mnzake amene anasamutsidwa, bwana amene samukhulupiriranso. Ziganizo ziwiri apa, chimodzi apo, pamene zikufunika.

Kadzidzi
Sizitheka nthawi zonse. Ngati wakupha wa loyamba anali mnzake wa pantchito, simungalembe ofesi yonse ngati palibe chinachitika.

ZalaZaInki
Mungathe. Mpando wake ukhale wopanda munthu, anthu azingoti za chaka chatha. Wowerenga wakale adziwa, watsopano achita chidwi.

Tsamba404
Poti tapatuka kale: chonde asakhale chidakwa. Wofufuza wa botolo m'dirowa, banja lotha, wosagona, tamuwerenga kokwanira.

Mlangizi_Chete
Ndikugwirizana nazo, ndipo pali zambiri zoti mulowetse m'malo mwa botolo. Vuto la m'maganizo lobwera pambuyo pa zoopsa, lija amati PTSD, linalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980. Zizindikiro zake zili m'magulu anayi: zakale kubwera zokha m'maloto kapena masana, kupewa chilichonse chozikumbutsa, kudziona woipa kapena kuzizira mtima, ndi kukhala tcheru mopitirira, kudzidzimuka, kupsa mtima msanga. Zimayenera kupitirira mwezi ndi kusokoneza moyo wa munthu.

Alembi amathamangira gulu loyamba, maloto ndi thukuta la usiku, chifukwa n'losavuta kulemba. Koma lothandiza nkhani ndi lachiwiri. Mayi amene wagwira ntchito zaka zambiri pamalo pomwe akanatha kuitanitsa doketi ya mlongo wake tsiku lililonse, koma sanaitsegulepo. Amene mlandu ukakhala ndi mboni yamwana amapeza chifukwa choti mnzake ndiye akafunse. Anzake amaona ngati n'khalidwe lake chabe. Wowerenga akafika pa kasetiyo amazindikira kuti mbali ina ya mtima wake inkadziwa. Ndipo musamuchiritse ndi kulira kumodzi pa mutu womaliza. Kudziwa zoona kumatha kuyamba kwakulitsa vutolo lisanachepe. Ngati apita kwa mlangizi, kukhale kupita kwa masabata ambiri, ndipo kusakhale njira yoti mlembi atiuzire mbiri yake.

MkonziWofiira
Tibwerere kwa a Kandulo. Simunatiuze: mfotokozankhani ndi mayiyo mwini, kapena ndi wapadera?

Kandulo_Usiku
Ndi iye mwini, ngati m'buku loyamba. Ndimaganiza zobisa za kasetiyo mpaka cha kumapeto, wowerenga adzadzidzimuke kuti inali kwa iye nthawi yonseyi.

MkonziWofiira
Musatero. Ngati tili m'mutu mwake kwa masamba 250 ndipo sakuganizapo za chinthu chimene chili m'chikwama chake, mwatibera. Mlembi wa ku England Ronald Knox analemba malamulo khumi a nkhani za upandu mu 1929, ndipo awiri akukukhudzani: wofufuza asakhale wopalamula mlanduwo, komanso chilichonse chimene wapeza achionetse kwa wowerenga. Malamulo amenewa athyoledwa kambiri, ena mwaluso, koma lachiwirilo lili ndi chifukwa chake. Kudzidzimutsa kumatha m'tsamba limodzi. Kudziwa kuti kaseti ili m'chikwama, pomwe bwana akufunsa gulu lonse ngati pali chimene chinasowa m'nyumba ya malemu, kumagwira wowerenga mitu makumi atatu.

Kadzidzi
Apa ndikutsutsa pang'ono. Mfotokozankhani wosadalirika amagwira ntchito, makamaka munthu amene moyo wake wonse ndi kupewa. Atha kunena kuti anatuluka m'chipindamo chikwama chikulemera, osafotokoza.

MkonziWofiira
Kwa mitu iwiri kapena itatu, inde, chifukwa iye mwini sanaimvere ndipo akuopa kuiganizira. Akangoimvera, kubisa kwatha.

Kadzidzi
Pamenepo tagwirizana.

Njuchi_22
Ndiye anapha mlongo wakeyo ndani? Bambo awo?

Gogo_Wowerenga
Ayi chonde. Wowerenga aliyense amayamba kukayikira bambo pa tsamba 20.

ZalaZaInki
Akayikiridwe, koma asakhale iye. Yambirani kumapeto, a Kandulo. Chifukwa chiyani wapolisi wopumayo waphedwa chaka chino, osati zaka khumi zapitazo? Payenera kukhala chimene chasintha. Mwachitsanzo, wadwala, chikumbumtima chamugwira, walembera loya wa bambo wa kundendeyo kuti ali ndi chinthu choti apereke. Ndiye funso la ofufuza likhala lakuti ndani anadziwa za kalatayo. Mayankho ake ndiwo oganiziridwa anu, atatu kapena anayi, osapitirira. Aliyense akhale ndi chifukwa chenicheni choopera kasetiyo ngakhale asanaphe: wina anakwezedwa pantchito chifukwa cha mlandu umenewo, wina anapereka umboni wabodza wa komwe anali usiku uja pobisa chinthu china chamanyazi, wina anali m'chipinda muja pamene makina anazimitsidwa. Onse aonekere pofika mutu 12. Wakupha akhale amene mayiyu wakhala akumudalira chifukwa cha imfa yomweyo, munthu amene anamulera pantchito kapena amene anaima ndi banja pa maliro. Ndipo pakhale chinthu chimodzi pa kasetiyo chimene wowerenga wachimva pa mutu 14 osachilabadira, monga chitseko kutseguka ndi munthu wachitatu kutsokomola kapena kutchula mwanayo ndi dzina limene anthu ochepa ankamuitana nalo.

Wapakhoti
Wakupha anasiyiranji kasetiyo m'nyumba?

ZalaZaInki
Sanadziwe kuti ndi kaseti. Ankafuna mapepala, anatenga mafayilo. Kapena anasokonezedwa. Koma funso lanu ndi labwino, liyankhidwe m'bukumo, ndipo likhoza kubala zina: akadzamva kuti pa chithunzi pali 7 m'kaundula 6, iye ndiye woyamba kuzindikira amene watenga.

Wapakhoti
Zikatero pampondachimera pakhale pa kupereka kasetiyo, osati pa kuthamangitsana ndi mfuti. Ndipo aipereke asanadziwe ngati imupulumutse. Mlandu suola, koma umboni umaola ukadutsa m'manja olakwika: pobisa kasetiyo waipatsa chilema, chifukwa woimira boma atha kunena kuti yakhala masabata kwa munthu wokhudzidwa, ndani akudziwa chimene anaichita. Apa ndi pomwe chithunzi chija cha makaseti 7 ndi kuyeza kwa akatswiri a mawu zidzathandize. Iyeyo ayembekezere kuimitsidwa ntchito, kufufuzidwa ndi nthambi yoona za khalidwe la apolisi, mwinanso mlandu wosokoneza chilungamo. Milandu ina imene anaifufuza ikhoza kuunikidwanso.

Za kubisa umboni wothandiza woimbidwa mlandu, malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye tsatirani a komwe nkhani yanu ikuchitikira. Ku America khoti lalikulu linagamula mu 1963, pa mlandu wa Brady, kuti oimira boma ayenera kuulula umboni wotere. Ku England kuli bungwe la Criminal Cases Review Commission, lomwe linayamba ntchito mu 1997, loona milandu yokayikitsa n'kuibweza ku khoti la apilo. Kulikonseko, chitseko cha ndende sichitseguka tsiku limene kaseti yamveka.

Gogo_Wowerenga
Koma akumane naye bamboyo. Ndikawerenga mitu 47 osaona awiriwo atakhala moyang'anana, ndidzamva kuti ndanamizidwa.

Mlangizi_Chete
Akumane, koma bamboyo asakakamizidwe kukhululuka kuti mayiyu apepukidwe. Wataya zaka 24, mwina makolo ake anamwalira iye ali mkati. Atha kunena kuti mwana uja sanamusungire mkwiyo, n'kufunsa kuti kasetiyo inakhala masiku angati m'chikwama. Mayiyu ayankhe nambala yeniyeni.

Kandulo_Usiku
Zikomo nonse. Ndondomeko imene ndatola ndi iyi, mundikonze: mutu 1 mtembo wa wapolisi wopuma, mutu 3 atenga kaseti, mutu 6 mlongo wake wamoyo, mutu 14 aimvera, mutu 24 wachinyamata uja aona kusiyana kwa 7 ndi 6, mutu 30 usiku wa imfa momwe anauoneradi, mutu 38 aipereka, mutu 44 wakupha agwidwa, mutu 47 kundende, mutu 48 bamboyo atuluka.

MkonziWofiira
Kuchoka pa 3 kufika pa 14 n'kutali. Munthu sangasunge kaseti yolembedwa dzina lake mitu 11 osaimvera, pokhapokha pali chomuletsa chogwirika. Ikani pa mutu 8 kapena 9, kusowa makina oiseweretsa kukupatseni masiku awiri okha. Pakati pa 24 ndi 38 wachinyamatayo asakhale chete: amufunse mwaulemu cha pa 27, iye aname, ndipo bodza limenelo ndilo lipweteke koposa. Mutu 30 ukhale waufupi, mawu osapitirira 1,500, ndipo musaonetse nkhope, chifukwa sanaione.

Wapakhoti
Mutu 48 usinthe. Kuchoka pa kuperekedwa kwa umboni watsopano kufika pa chigamulo cha khoti la apilo pamapita miyezi, nthawi zina zaka. Ngati nkhani yanu yonse ikuchitika m'masabata asanu kapena asanu ndi umodzi, ithere pomwe loya wapereka pempho ndipo khoti lalandira, kapena mulembe poyera pamwamba pa mutuwo kuti papita miyezi ingati. Ndipo pofunsa wakupha pa mutu 44 mayiyu sangakhale m'chipindamo, chifukwa waimitsidwa ndipo tsopano ndi mboni. Wofunsayo akhale wachinyamata uja.